Atate akutuluka m'chipatala Lachisanu, koma awasambitsa ndani?

Nambewe (Area 36): Mwaswera bwanji abale anga a kwathu ku Mchinji. Ndabwera ndi nkhani ya pakhomo pathu, mundithandize maganizo. Atate, a zaka 78, anagwa pa ngolo kumapeto kwa November pochokera kokatenga feteleza, n'kuthyoka fupa la ntchafu. Kuchipatala anawalowetsa chitsulo pansi pa bondo n'kumangirira cholemera chokoka mwendo, ndiye akhala chigonere chagada mpaka sabata yatha pomwe anachichotsa. Akuti Lachisanu atuluka. Kuyenda sanayambe, akungotha kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi, bondo lauma silikupinda. Amayi anatisiya kale. Ana tilipo anayi: achimwene aakulu ali kumudzi cha ku Kamwendo, achimwene ena ali ku Joni, mng'ono wanga anakwatiwa ku Kapiri ndipo ali ndi khanda, ine ndili ku Lilongwe kuno. Ndiwatengere kuno kapena apite kumudzi? Nyumba yanga ndi ya lendi, zipinda ziwiri, chimbudzi cha panja chothithikana ndi ena.

Amake Mapasa: Pepani kwambiri asisi. Ine ndikuti atengeni. Ku Lilongwe muli pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, chitavuta china usiku galimoto mupeza. Kumudzi mvula ino mukachoka pa tala n'kulowa m'matope, ngakhale njinga yamoto imakana.

Aphiri a ku Mkanda: Achemwali, musanasankhe malo, tiuzeni kaye. M'chipatalamo amawasambitsa ndi kuwaikira chigubu ndani?

Nambewe (Area 36): Mwana wa achimwene aakulu, mnyamata wa Fomu 3. Ndiye wakhala gadiyani nthawi yonseyi, kugona pansi pa bedi la agogo ake. Mayeso a teremu yoyamba sanalembe. Ife akazi timangophika n'kuchapa. Mwafunsa penipeni pomwe pakundisowetsa tulo, Aphiri. Ine mwana wamkazi sindingawavule atate, ndipo alamu anga ndi mpongozi wawo, ngakhale kudyera pamodzi sadyera. Achimwene aakulu akuti iwo ali ndi munda, nthawi ino ndi yopalira ndi kubandira, ndiye mnyamatayo apitirize.

Aphunzitsi a ku Waliranji: Ayi, pamenepo ndiye ndikana. Mwanayo wachita mbali yake, mpaka wapitirira. Teremu yachiwiri yatsegulidwa. Mwana wa Fomu 3 akajomba materemu awiri, ambiri sabwereranso, ndipo akabwerera amakafika pa MSCE ali m'mbuyo. Tawaona ambiri m'makalasi mwathu, makamaka atsikana, amene anachotsedwa kuti akadwazike agogo kwa mwezi umodzi, mweziwo n'kusanduka chaka. Azithandiza Loweruka ndi Lamulungu, koma Lolemba m'mawa akhale ali m'kalasi.

Nangozo: Koma inu nkhani yoti mwana wamkazi sangasambitse bambo ake tisamaikokomeze. Ine ndinawasambitsa anga mpaka tsiku lomaliza, poti panalibe wina. Matenda saona mwambo.

Aphiri a ku Mkanda: Nangozo, ulemu wanu, munachita chachikulu ndipo palibe angakunyozeni. Koma mwanena nokha kuti panalibe wina. Kwa a Nambewe aliko, ana aamuna awiri. Ndiye ndilankhule ndi amuna anzanga pagulu pano. Ife tikamva kuti kholo ladwala timathamangira kutumiza ndalama pa foni, n'kuona ngati tamaliza. Madala anga atagwidwa sitiroko, mkulu wa zaka zambiri amene anali nyakwawa m'mudzi, chomwe chinkawapweteka kuposa matendawo chinali kuonedwa ali maliseche. Alongo anga akalowa ndi beseni ankakana, mpaka kumasala madzi akumwa kuti asafune kukodza. Nditayamba kuwasambitsa ine, zinasintha. Ndinkatseka chitseko, kutsegula wailesi kuti m'chipindamo musakhale zii, kuwafunditsa chitenje m'chiuno, n'kuyamba nkhope, manja, kenako msana. Ndikafika pobisika ndinkawapatsa chinkhupule ku dzanja lomwe linkagwira ntchito, ine n'kuyang'ana kumbali kumakamba za mitengo ya soya. Loweruka ndinkawameta ndevu. Munthu wamkulu akametedwa n'kuvala malaya ochapa amakhala wina, amavomera ndi alendo kuti alowe. Ntchitoyi si yolemera ngati kulima ekala, koma imafuna munthu wokhalapo m'mawa ndi madzulo alionse.

Najere, namwino wopuma ntchito: Mwana wanga Nambewe, nkhani ya kusamba ndayimva, koma ndikuuze zoti uchite Lachisanu lisanafike, chifukwa mukangotuluka pa geti kubwereranso kukafunsa kumavuta. Kaonane ndi adokotala a mafupa, akulembere m'buku la kuchipatala ngati atate aloledwa kupondera mwendowo kapena ayi, ndi tsiku lobwerera kukajambulanso fupa. Usangomva pakamwa, alembe. Ukatero pempha a mafizo, amene amaphunzitsa odwala kulimbitsa thupi kuti ayendenso, kuti aonetse mmene angawadzutsire, kuwakhazika ndi kupinda bondo pang'onopang'ono. Woonetsedwayo akhale amene azikawasamala kunyumba, osati iwe amene ubwerera ku Lilongwe. Ngati akulola, jambula pa foni. Munthu amene wagona masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo ali chokokedwa mwendo, nyama ya ntchafu imafota ndipo bondo limauma. Fupa likhoza kugwirana bwinobwino koma munthu osayendanso, chifukwa chongomusiya gone. Akamadzuka koyamba achita chizungulire, ndiye azikhala kaye tsonga kanthawi asanaime, ndipo pakhale anthu awiri.

Najere, namwino wopuma ntchito: China, lero lomwe mnyamatayo awatembenuze n'kuyang'ana pamwamba pa matako pomwe pali fupa, m'chiuno m'mbali, ndi zidendene zonse ziwiri. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye ayang'ane ngati pada kuposa pena, patentha, pauma gwa, kapena patuluka thuza. Zilonda za pabedi zimayamba choncho ndipo zikalowa mkati zimavuta kwambiri kupola. Akakhala gone azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, mtsamiro pakati pa miyendo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Nsalu zikhale zouma, zopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya. Pamalo pomwe payamba kuda osamatikita.

Nambewe (Area 36): Amayi, zikomo. Ndamuimbira mwanayo, akuti chidendene cha mwendo wothyokawo chada ndipo agogo ake amadandaula akachikhudza. Ndamuuza akawaonetse anamwino pompano.

Najere, namwino wopuma ntchito: Wachita bwino. Chisagunde matiresi kuyambira lero.

Amake Mapasa: Ndiye si zomwe ndikunenazi? Zonsezi kumudzi adzazitsata ndani? Tengani atate asisi.

Abanda a zaumoyo: Amake Mapasa, ine ndimayenda m'midzi tsiku ndi tsiku. Kutauni kuli chipatala pafupi, inde, koma a Nambewe akapita kuntchito m'mawa mkuluyo atsala ndi ndani? Adzangokhala m'chipinda chotseka mpaka madzulo. Kumudzi khonde silisowa munthu. Ndipo afunseni eni ake. Thupi ndi lawo. Akulu ambiri mukawasamutsa mowakakamiza amasiya kudya.

Nambewe (Area 36): Ndinawafunsa dzulo. Akuti "ndiperekezeni kwathu, ndikaone chimanga changa." Za ku Lilongwe sakufuna n'kumva komwe.

Abanda a zaumoyo: Ndiye tikonze kumudziko. Choyamba asagone pamphasa pansi, sangadzukepo ndi mwendo umenewo. Pafunika bedi lofika m'mabondo ndi matiresi, pulasitiki pansi, nsalu pamwamba pake, khungu lisagunde pulasitikiyo. Chimbudzi chonjuta aiwale kaye. Tengani mpando wamatabwa wolimba wokhala ndi mogwira m'mbali, kalipentala aboole pakati, pansi muziika ndowa yothira phulusa pang'ono. Usiku chigubu chodula pakamwa chikhale pomwe dzanja lawo lingafike, ndi tochi. Pakhomo pomwe amadutsa thirani mchenga kapena zidutswa za njerwa, mvula ino dothi likuterera. Mukafika dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kuti adziwe zoti m'mudzimo muli wodwala wotere. Mabala awiri omwe munali chitsulo aja aziyang'anidwa tsiku lililonse. Akayamba mafinya, kununkha kapena thupi kutentha, osadikira tsiku la chekapu.

Azulu owotcherera: Ine ndili pa Kamwendo pomwepo. Choyendera cha miyendo inayi chija ndimapanga ndi mapaipi opepuka, pansi n'kuika labala kuti chisaterereke. Akulu ambiri ndodo za m'khwapa zimawavuta, amagwa nazo. Koma afunse kaye a mafizo ngati ndi chomwe chikufunika, akavomera ndipanga.

Achisale: Komanso musaiwale za makolo. Kwathu kuno kuli akulu ena amatema mphini n'kupaka mankhwala, fupa limagwira msanga. Ambiri achira.

Najere, namwino wopuma ntchito: Achisale, ndikudziwa mukunena mofuna kuthandiza, koma pa mwendo uwu ayi. Pali kale mabala olowa mpaka pafupa, ndipo khungu la munthu wa zaka 78 silipola ngati la mnyamata. Mukatema n'kupakapo zinthu, majeremusi akafika pafupa, mankhwala ake ndi a miyezi. Fupa limadzigwirira lokha ngati munthu akudya bwino ndipo sakuligwedeza molakwika. Apatseni phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, usipa, nyemba, soya, mkaka ukapezeka, masamba ndi mango kuti asadzimbidwe, ndi madzi ambiri. Ku Mchinji mtedza susowa. Ndipo poti tafika pa mankhwala, Indosidi ndi Bulufeni za pa golosale zija musamawagulire. Kwa achikulire zimakanda m'mimba mpaka kutaya magazi, zimawononganso impso. Amwe zomwe alemberedwa basi.

Najere, namwino wopuma ntchito: Zinthu zomwe zikachitika muyenera kuthamanga nawo usiku womwewo ndi izi. Katumba kapena mwendo wonse kutupa, kutentha ndi kuwawa, pakuti magazi amatha kuundana mumtsempha mwa munthu wogona nthawi yaitali. Kubanika mwadzidzidzi kapena kuwawa pachifuwa. Chifuwa chotentha thupi, chimenecho chingakhale chibayo. Ndi kusokonezeka mutu.

Nangozo: Pa kusokonezeka mutupo muonjezere amayi, chifukwa kumudzi nkhani zake zimathera pena.

Najere, namwino wopuma ntchito: Zoona. Munthu wachikulire akadwala matenda a m'njira ya mkodzo, malungo, kapena akasowa madzi m'thupi, amatha kuyamba kulankhula zosamveka, kuitana anthu omwe anamwalira, kufuna kutuluka usiku. Anthu akamva zimenezo amayamba kunong'onezana kuti akuulula za ufiti. Amenewo ndi matenda, ndipo nthawi zambiri akathandizidwa mutu umabwerera. Muwauziretu achibale zisanachitike.

Aphunzitsi a ku Waliranji: Ndipo adziwe kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, lamulo lake lilipo kuyambira 1911. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. A MANEPO, bungwe loimira anthu achikulire, akhala akudandaula nthawi yaitali za agogo omwe amamenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zoterezi.

Ambewe a ku Joni: Moni nonse. Ine ndine mchimwene wake wa Nambewe, ndili pagulu pompano ndipo ndawerenga zonse. Aphiri, mawu anu andilasa, koma ndinene mbali yanga. Kubwera sindingathe panopa, ndikachoka ntchito yatha, ndipo ndalama zomwe zakhala zikugula chakudya kuchipatala zikuchokera ku ntchito yomweyi. Ine ndimaganiza tilembe munthu wamwamuna woti aziwasamala, ndizimulipira pa mwezi kudzera pa Mukuru.

Aphiri a ku Mkanda: Ambewe, palibe akuti musiye ntchito. Ndalama zanuzo n'zofunika, nkhani ndi yoti zipite pati. Mukalemba mlendo kuti azivula bambo anu, mkuluyo akhoza kumukana, ndipo tsiku lomwe malipiro achedwa munthuyo sabwera. Bwanji osatembenuza? Achimwene anu akuti chikuwamanga ndi munda. Ndiye ndalamazo zilipire aganyu opalira ndi kubandira, iwo amasuke azisamala bambo awo. Wogwira khasu mungamupeze m'mudzi uliwonse January uno, anthu akufuna ganyu. Wogwira thupi la kholo mwaulemu ndiye wosowa.

Aphunzitsi a ku Waliranji: Apa ndiye mwalasa, Aphiri.

Ambewe a ku Joni: Sindinaganizepo choncho. Ndiwaimbira achimwene usiku uno.

Amake Mapasa: Chabwino, ndagonja pa za ku Lilongwe. Koma ndiyankhulireko alamu anuwo, poti palibe akuwatchula. Sadzawasambitsa apongozi awo, inde, koma adzatunga madzi ndani? Nsalu zonyowa mvula ino, zosauma msanga, adzachapa ndani? Phala la m'mawa, nkhuni zotenthetsera madzi osamba? Zonsezo zigwera mayi ameneyo, pamwamba pa ana ake ndi munda wake. Ndiye pakapita mwezi mudzayamba kumva kuti mlamu wasintha nkhope, mpongozi ndi wouma mtima. Muwaganizire poyamba pomwe. Sopo, nsalu zosinthira zokwanira, ndi kangachepe kawokawo m'manja, osati kodzera kwa amuna awo. Ndipo mng'ono wanu wa ku Kapiri, khanda silimuletsa kubwera sabata imodzi pamwezi kudzaphika kuti mayiyu apume.

Nambewe (Area 36): Amake Mapasa, mwanena zoona zokhazokha. Alamu anga ndi amene akhala akukwera njinga kupititsa ufa ndi ndiwo kuchipatala, osadandaula.

Nangozo: Kumpingo nakonso musachite manyazi kunena. Ngati ali a CCAP, amayi a Chigwirizano amayendera odwala, amatunga madzi ndi kusesa. Ngati ali a Katolika uzani a mphakati. Koma pemphani chinthu chodziwika, monga kuti pakhale munthu Lachitatu masana pomwe alamu apita kuchigayo. Mukangoti "tithandizeni", adzabwera gulu tsiku limodzi, kuimba, kupemphera, n'kupita, ntchito ili pomwepo.

Achisale: Nanga Mtukula Pakhomo sangalowe? Paja inayambira kwathu konkuno.

Abanda a zaumoyo: Inayambiradi ku Mchinji mu 2006. Koma imasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo kalembera wake sachitika tsiku lililonse. Atha kukafunsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, koma asawerengere ndalama imeneyo pokonza za mwezi uno. Ngati patsogolo kutafunika njinga ya olumala, a mafizo ndi omwe amadziwa njira yofikira ku MAP, bungwe lothandiza anthu olumala. Ndipo ngati atajambula n'kupeza kuti fupa silinagwirane, adokotala eni ake ndi omwe amalemba kalata yotumiza ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central. Musadzangonyamuka nokha opanda kalata.

Aphiri a ku Mkanda: Chinanso achemwali, bambo anuwo kumudzi komwe akukhalako ndi kwawo kapena ndi kwa amayi anu?

Nambewe (Area 36): Ndi kwa amayi. Anabwera chikamwini, amayi atamwalira anthu anawakonda n'kuwauza kuti akhale ndi ana awo. Kwawo kwenikweni ndi cha kwa Mkanda, kuli azakhali ndi ana awo.

Aphiri a ku Mkanda: Ndiye musawatulutse m'chipatala azakhali asanamve kuchokera pakamwa panu. Muwauze kuti mlongo wawo wasankha yekha kubwerera komwe amakhala, ndipo mwakonza zakutizakuti. Mukapanda kutero, china chitachitika adzati munawabisira m'bale wawo. Komanso kwa ana aamuna a azakhaliwo, bambo anu ndi malume awo. Mwa mwambo wathu ali ndi udindo. Mmodzi atamabwera kudzagonako masiku angapo, achimwene anu apezako tulo. Kutembenuza munthu usiku wonse, tsiku ndi tsiku, munthu mmodzi sangakwanitse mwezi.

Nambewe (Area 36): Mwadzuka bwanji nonse. Ndikudziwitseni pomwe tafika. Usiku tinalumikizana pa foni ana tonse anayi. Poyamba achimwene aakulu anakwiya kuti nkhani ya pakhomo ndaitengera pagulu, ndipo pa za kusambitsa anangoti zii nthawi yaitali. Kenako anati chomwe amaopa si ntchitoyo, koma kuti sadziwa kuwanyamula, angawathyolenso. Ndiye mawa m'mawa apita kuchipatala kuti a mafizo akawaonetse ndi manja awo. Avomera kuti m'mawa ndi madzulo ndi iwo. A ku Joni atumiza za aganyu mpaka kubandira kuthe, ndi za matiresi. Ine ndatenga sopo, nsalu, mazira ndi mkaka, ndi ndalama ya alamu yomwe ndizitumiza pa foni yawo. Ndizipitanso Loweruka la malipiro mwezi uliwonse. Mng'ono wanga abwera sabata yoyamba. Azakhali ndawaimbira, alira, koma akuti atumiza mwana wawo wachiwiri Lamulungu. Mnyamata uja abwerera kusukulu Lolemba.

Aphunzitsi a ku Waliranji: Bambo ake apite naye okha kwa ahedi akafotokoze chifukwa chomwe anajombera, atenge ndi buku la kuchipatala la agogo ngati umboni. Apemphe kuti aphunzitsi amubwereke manotsi a zomwe anaphonya.

Najere, namwino wopuma ntchito: Nanga chidendene chija anamwino anati chiyani? Ndipo Lachisanu muyenda pa chiyani? Njinga yamoto ayi, minibasi yothithikana ayinso, bondolo silipinda.

Nambewe (Area 36): Akuti khungu silinang'ambike, aika mtsamiro ndipo atiuza tiziliyang'ana m'mawa ndi madzulo. Galimoto tapangana ndi munthu wa pa boma, atate akhala mpando wakumbuyo wonse atatambasula mwendo, achimwene akhala chowagwirira kumsana. Tinyamuka m'mawa mvula isanayambe. Ikatitsekereza pa tala, anyamata a m'mudzi abwera ndi machira, ngolo ayi. A mafizo avomera choyendera cha miyendo inayi, koma akuti mwendowo aziungogunditsa pansi osaulemetsa mpaka adzajambulenso.

Azulu owotcherera: Ndiye achimwene anu akapita mawa akayeze ndi chingwe kuchokera pansi kufika pa mfundo ya dzanja, pomwe timavala wotchi, madala ataimiritsidwa ndi anthu awiri, manja ali pansi, atavala nsapato zomwe azidzayendera. Chingwecho andisiyire pa shopu pobwerera. Ndiyamba Lachinayi m'mawa, magetsi akakhalapo mudzachipeza chatha podutsa Lachisanu.